Mlatho Wachisanu ndi Chitatu wa Sajeni

Tsiku limene injiniya wa ku khonsolo ankabwera kudzayesa mlatho, Sajeni anavala malaya katatu. Oyamba anawavula poti anali a kutchalitchi, achiwiri poti anali ndi penti pamkono. Achitatu anachita kumusankhira mkazi wake, amene anati munthu waimvi sayenera kuzungulirazungulira m'chipinda ngati nkhuku yosowa poikira. Potuluka anapunthwa pa mpukutu wa chingwe chachitsulo umene unkasuzumira pansi pa bedi, ndipo mkaziyo sanamupepese n'komwe. Anangoti chala chake iye chinazolowera kale, poti chakhala chikupunthwa pomwepo miyezi isanu ndi iwiri.

"Lero chingwechi chituluka m'nyumba muno," anatero Sajeni.

"Munateronso tsiku limene munachilowetsa."

Nkhondo inali itatha zaka makumi atatu zapitazo, koma m'dera lonselo palibe amene ankamutchula dzina lina. Ngakhale mkazi wake akakwiya ankati a Sajeni. Kunkhondoko anali m'gulu la asilikali omanga milatho. Dzina la gululo linali lokoma, koma iwo analowa usilikali nthawi imene anzawo ankabwerera m'mbuyo, ndipo wobwerera m'mbuyo samusiyira mdani powolokera. Choncho ntchito ya Sajeni inali kutsikira kunsi kwa mlatho malole awo otsiriza akudutsa pamwamba, kugona chagada, n'kumauyang'ana kufikira ataona pamene ukuopa, malo ake ofooka. Akaona ankaloza. Kopolo ankabwera ndi choko n'kulemba mtanda pamene palozedwapo, ndipo pa mtandapo ankamangapo mabomba. Anagwetsa milatho isanu ndi iwiri motero. Itatu mwa iyo anali ataimanga okha.

Za nkhondo sankakonda kukamba. Anzake akayamba za zipolopolo, njala ndi nsabwe, iye ankanyamuka kukaona ngati njinga yake ikadali pamene anaisiya. Chimene chinkamubwerera kawirikawiri chinali chaching'ono. Atagwetsa mlatho wachisanu ndi chiwiri, fumbi likutha, kutsidya kunafika mayi wina atasenza makina osokera. Anaima pamene msewu unathera, nayang'ana madzi, nayang'ana asilikali, osatula katundu wake. Sanatukwane. Gulu linalamulidwa kunyamuka iye akadali chilili.

Tsopano Sajeni ankakhala kumapeto kwa tawuni, kuseri kwa mtsinje wa magombe aatali. Chipatala, sukulu ndi msika zinali kutsidya, zooneka ndi maso. M'chilimwe anthu ankatsetsereka n'kudumpha miyala. Mvula ikagwa ankazungulira ku mlatho wa magalimoto, ulendo wa ola ndi theka, ndipo mkazi wa Sajeni, amene ankakatenga mankhwala a kuthamanga kwa magazi mwezi uliwonse, ankabwerako mapazi atatupa. Ndiye chaka chimenecho Sajeni anasonkhanitsa anzake a kunkhondo amene anali akadali ndi mawondo, anthu khumi ndi awiri, namanga mlatho wa oyenda pansi wolendewera pa zingwe. Unali ndi mizati ya konkire mbali zonse ziwiri, zingwe zinayi zachitsulo ndi matabwa zana limodzi ndi makumi anayi, ndipo thabwa lililonse analipala yekha.

Chimene anaiwala n'chakuti kunja kwa usilikali mlatho umayamba ndi pepala. Kalata ya khonsolo inafika matabwa otsiriza akukhomedwa. Inati mlathowo wamangidwa popanda chilolezo, injiniya adzabwera Lachisanu kudzauyesa, ndipo akakana kusaina, Lolemba kudzabwera anthu odzadula zingwe mvula isanayambe. Kopolo, amene analinso mlamu wake, mchimwene wa mkazi wake, atawerenga kalatayo anati panalibe chifukwa chovutitsira anthu a khonsolo, poti katswiri wogwetsa milatho anali naye pachibale. Anaseka yekha.

Pofika naini koloko gombe linali litadzaza. Kunabwera amayi a mumzere wa nyumba za Sajeni, makaniko wa pagaraja ndi ovololo yake yamafuta, ogulitsa masamba ofuna kudziwa ngati mawa adzadutse ndi madengu awo, ndi agalu omwe. Madala khumi ndi awiri aja anaima pafupi ndi mulu wa matumba a mchenga. Palibe anawauza, koma anapezeka ali pamzere, wamtali kumanja, wamfupi kumanzere. Wamfupiyo anali Lipenga, amene kunkhondo ankawadzutsa ndi lipenga m'mawa uliwonse. Mano akutsogolo atatha, lipengalo analipachika pakhoma, koma likhweru lake linali likadali lakuthwa.

Galimoto ya khonsolo inafika teni koloko. Munatuluka mayi wachitsikana wovala jombo ndi chipewa cholimba chachikasu, msinkhu wake wosasiyana ndi mwana wotsiriza wa Sajeni. Kopolo ananong'ona kuti mwina injiniya weniweni akubwera m'mbuyo, ndipo mlongo wake anamuponda chala. Injiniya anapereka moni kwa onse, nafunsa kuti wamanga ndani. Sajeni anabwera kutsogolo. Dzanja lake lamanja linayamba kukwera lokha kupita pachipumi, ndipo analigwira ndi lamanzere.

Mayiyo sanali wothamangira ntchito. Anagogoda bawuti iliyonse ndi sipanala, khutu ali tcheru. Anakumba pang'ono patsinde pa mizati kuti aone kuya kwa konkire. Anayendetsa kansalu pa zingwe kuti aone ngati pali waya wothothoka woti kakodwe. Sajeni ankamutsatira pambuyo, manja kumsana, ngati msilikali watsopano tsiku loyendera zikwama. Akafunsidwa ankayankha mwachidule, koma m'kati ankaimba. Mafunso ake anali a munthu wodziwa, ndipo funso lililonse linkagwera pamene iye anagwira bwino ntchito.

Kenako injiniya anakoka kachingwe kuchokera ku mzati wina kukafika ku unzake, nalamula kuti matumba makumi anayi ndi asanu ndi atatu aunjikidwe pakati pa mlatho. Anati adzipita munthu mmodzimmodzi, wina akabwerako wina apite. Zinatenga ola lathunthu. Thumba lotsiriza litatulidwa anagwada ndi tepi yake, nayeza kuchokera pa kachingwe kukafika pa thabwa. Mlatho unali utatsika zala zitatu zokha.

"Mwamanga bwino, bambo," anatero atabwerera pagombe. "Ndaona milatho ya makontirakitala yosafika apa. Chotsani matumbawo, ine ndilembe."

Amayi analulutira. Makaniko anamugwira chanza Sajeni n'kumusiyira mafuta akuda pa malaya achitatu aja. Injiniya anayala pepala pa boneti ya galimoto, navundukula cholembera. Sajeni anayang'ana kumwamba kuti anthu asamuone nkhope.

Akuluakulu anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Polowetsa matumba madala aja anapita mmodzimmodzi monga anauzidwira, koma potulutsa, chimwemwe chitawadzaza, analowa onse khumi ndi awiri nthawi imodzi. Aliyense anaponya thumba paphewa, natembenuka, ndipo anapezekanso ali pamzere. Lipenga, ali kumbuyo, anayamba likhweru la nyimbo imene ankagubira ali anyamata. Madzi saiwala khwawa. Mapazi khumi ndi awiri akumanzere anagwera pa matabwa nthawi imodzi, kenako akumanja, kenako akumanzerenso. Misana imene inapindika kalekale inawongoka. Anthu pagombe anayamba kuwomba m'manja motsatira, ndipo Sajeni mwini wake, chinthu chimene pambuyo pake ankakana, phazi lake linkagunda pansi.

Ndiye anaona zingwe. Mlatho unayamba ndi kunjanja pang'ono, kenako kudumpha, ndipo phazi lililonse linkauwonjezera mphamvu ngati mmene amakankhira katungwe. Matabwa anayamba kulira. Chipewa cha Kopolo chinauluka n'kugwera m'madzi. Lamulo loyamba limene msilikali womanga milatho amaphunzitsidwa, asanagwire ngakhale fosholo, n'lakuti pa mlatho saguba. Sajeni analiphunzitsa lamulolo kwa anyamata mazana.

"Sokonezani mapazi!"

Mawuwo anatuluka pakamwa pa Sajeni ndi liwu la paperete limene mkazi wake anali asanalimvepo. Madala anamvera nthawi yomweyo, monga asilikali abwino. Aliyense anadumpha kamodzi kusintha phazi, koma anadumpha onse pamodzi, bwinobwino ngati tsiku la mendulo, ndipo anapitiriza kuguba ndi phazi linalo. Mlatho unapindika ngati njoka. Wina anataya thumba mumtsinje n'kukumbatira chingwe.

"Khalani pansi, madala inu," anakuwa mkazi wa Sajeni. "Pansi, ngati ana."

Lamulo limenelo linalibe sitepe yake. Anakhala pansi mosiyanasiyana, wina pa thumba, wina pa mwendo wa mnzake. Mlatho unagwedezekabe kanthawi, pang'onopang'ono mpaka unadekha. Palibe anavulala. Pagombe anthu anayamba kuseka, kuseka kwa anthu amene achita mantha. Sajeni sanaseke. Ankayang'ana injiniya, amene anali atavundikiranso cholembera chake.

Anayesa kudziteteza. Anati cholakwa ndi cha anthu ake osati cha mlatho, kuti anthu wamba saguba, kuti adzakhoma chikwangwani mbali zonse ziwiri choletsa kuyenda mogwirizana mapazi. Injiniya anamumvetsera mpaka anamaliza. Kenako anamufunsa ngati anaonapo ana a sukulu akuweruka akuimba nyimbo, kapena anthu anayi atanyamula wodwala pa machira akuthamangira kuchipatala. Anafunsanso kuti mwa amenewa ndani adzaime kuwerenga chikwangwani.

"Ndithokoze anzanuwa, bambo," anatero. "Ayesa chimene ine ndinaiwala kuyesa. Mlatho wanu ndi wamphamvu, koma ndi wopepuka. Ukufunika zingwe zina zoukokera pansi kuti usamavine. Koma kuti zimangidwe pati, ndiyenera ndikawerengere ku ofesi, ndipo zimenezo si za lero."

"Nanga Lolemba?"

"Kalata ya Lolemba sindinalembe ine, ndipo sindingaifafanize. Ine changa ndi kusaina kapena kusasaina. Galimoto iyenera kubwerera folo koloko."

Inali itangokwana thwelofu. Sajeni anaima kakasi, akuyang'ana mlatho wake. Miyezi isanu ndi iwiri anauyang'ana kuchokera pamwamba, kuchokera m'mbali, kuchokera pawindo la kukhitchini akumwa tiyi. Kunsi anali asanapiteko ndi diso lija la kunkhondo. Ankatsikirako kukamanga mabawuti, maso ali pa sipanala, n'kukwera msanga. Sanafune kudziwa pamene mlatho uwu ukuopa.

Anavula nsapato, napatsira mkazi wake.

"Alamu," anatero kwa Kopolo, "pezani choko."

Kopolo anatsegula pakamwa kuti aponye nthabwala, koma ataona nkhope ya mlamu wakeyo anangotembenuka n'kupita kwa makaniko, amene ankasunga choko m'thumba la ovololo cholembera matayala. Sajeni anasankha amuna asanu ndi mmodzi, nawauza kuti akamva likhweru la Lipenga agube pa mlathopo opanda matumba, mosapupuluma, ndipo likhweru likaleka akhale pansi. Injiniya anafuna kuletsa, koma Sajeni anali atayamba kale kutsetsereka pagombe, ndipo iye anamutsatira.

Pakati pa mtsinje panali thanthwe lalikulu lotenthedwa ndi dzuwa. Sajeni anagonapo chagada, naphimba maso ndi dzanja. Likhweru linayamba. Kudzera m'mipata ya matabwa ankaona mapazi akudutsa, mdima ndi kuwala, mdima ndi kuwala, ndipo kwa kanthawi kochepa anamva fungo la dizilo limene panalibe. Analisiya lidutse. Mlatho unayamba kulankhula. Pakati, pamene aliyense akanaganizira, panali pongonjenjemera. Kumavina kunali cham'mbali, pakati pa mzati ndi pakati pa mlatho, kuno kukakwera uko kukutsika. Dzanja lake linakwera lokha. Analoza, ndipo Kopolo, atagwada pamwamba, anapenyera m'mbali n'kulemba mtanda pamphumi pa thabwa. Analozanso. Mitanda inayi, iwiri chakuno, iwiri chakutsidya.

Injiniya anali atakhala pa mwala pambali pake, akulemba manambala kuseri kwa pepala la khonsolo. Anayang'ana mitanda, nayang'ana manambala, nayang'ananso mitanda. Anafunsa kuti wadziwa bwanji.

"Mlatho umadziulula wokha akamauponda," anatero Sajeni akudzuka. "Kale ndikaona chonchi ndinkamangapo zina. Lero timangapo zingwe."

"Mabuku anga akuloza pomwepo," anatero injiniya. "Kungoti akanaloza Lachitatu la sabata ya mawa."

Kuyambira pamenepo dera lonse linasanduka kampu. Mkazi wa Sajeni anatenga amayi anayi kupita kunyumba, ndipo poti mpukutu wa chingwe uja sunkatuluka pansi pa bedi, ananyamula bedi lonse n'kuliika pakhonde. Anaugubuduza mumsewu agalu akuuwa, iye ali patsogolo kuuza anthu kuti apatuke, katundu wa a Sajeni akusamuka. Atauyeza unapezeka wokwanira zingwe zitatu zokha. Makaniko anakanda mutu, nathamangira kugaraja, nabwerako pa lole yake yokokera magalimoto owonongeka. Anamasula chingwe chokokeracho, nanena kuti sabata imeneyo amene galimoto ziwafere panjira akankhe. Kumbuyo kwa loleyo kunali zitsulo zinayi zazitali zochokera ku malole akufa, zoti zikhomedwe m'gombe ngati zikhomo.

Sajeni anagawa anthu mmene ankagawira kale, atatu pa chingwe chilichonse, ndipo madala amene m'mawa ankadandaula za misana anali kutsika ndi kukwera gombe ngati mbuzi. Lipenga anagwira chitsulo, Kopolo ananyamula nyundo yaikulu. Lipenga anamukumbutsa kuti zala zake zinapulumuka nkhondo yonse ndipo akufuna akaikidwe nazo. Kopolo anati asadandaule, akaphonya sangamenye mano poti mulibe. Nyundo inalira, chitsulo chinalowa. Injiniya anavula chipewa chake chachikasu n'kumuveka Lipenga, iye natenga sipanala kukamanga zopanira zingwe pa mitanda ija, atagona chafufumimba pa matabwa, Sajeni atamugwira jombo.

Chikhomo choyamba chinalowa bwino, chachiwirinso. Chachitatu chinakumana ndi mwala pansi n'kupindika ngati ndodo ya ambulera. Anachizula, nayesa pena, chinapindikanso. Apo n'kuti itakwana hafu pasiti thuu. Anthu anayamba kupereka nzeru zosiyanasiyana nthawi imodzi, wina akuti achiwongole pamoto, wina akuti akumbe dzenje. Sajeni anayang'ana thanthwe limene anagonapo lija. Linali ndi khosi kunsi kwake, pamene madzi a zaka zambiri anadya. Anafunsa injiniya ndi maso. Mayiyo analizungulira thanthwelo, naliyesa ndi mapazi, nanena kuti mtsinje umene ungasunthe limeneli udzakhala utatenga kale tawuni yonse. Anazunguliza chingwe m'khosimo kawiri.

Kukunga zingwe kunali ntchito ya manja ndi khutu. Ankalowetsa chitsulo chachifupi pakati pa chingwe chopindidwa pawiri n'kumapotokola, amuna awiri mbali iyi, awiri mbali inayo, Sajeni akuyenda kuchokera ku chingwe china kupita ku chinzake, akuchimenya ndi sipanala n'kumvetsera. Chikalira mogonthera ankati wonjezerani. Ankafuna zonse zinayi zilire mawu amodzi. Thukuta linkamulowa m'maso, malaya achitatu aja anali atang'ambika kukhwapa, ndipo anazindikira modabwa kuti akusangalala kuposa mmene anasangalalira tsiku lililonse la miyezi isanu ndi iwiri ija.

Hafu pasiti fili dalaivala wa khonsolo analiza hutala. Mkazi wa Sajeni anapita ndi mpando ndi kapu ya tiyi, namukhazika pamthunzi, nayamba kumufunsa za mayi ake, za ana ake, za mmene anaphunzirira galimoto. Mpando wake iye anauika kutsogolo kwa galimotoyo. Hutala sinalirenso.

Kutatsala mphindi khumi kuti ikwane folo, chingwe chachinayi chinalira mawu a zinzake. Injiniya anapukuta manja pa thalauza, napempha kapu ya madzi. Anamupatsa kapu yachitsulo ya mkazi wa Sajeni, yodzaza mpaka chala chimodzi kuchokera pamlomo. Anapita nayo pa mitanda ya chakuno, pamene mlatho unkavina kwambiri, naiika pa thabwa, iye nakhala pambali pake atapinda miyendo. Sajeni anamupempha kuti aonere ali pagombe. Anayankha kuti wosaina ndi iye, ndiye wokhalapo akhalenso iye.

"Tsopano ndikufuna zija za m'mawa, bambo," anatero. "Ndi matumba omwe. Musandinyengerere."

Madala khumi ndi awiri anaima pamzere kutsidya, matumba paphewa, malaya ali chonyowa, Lipenga akadali ndi chipewa chachikasu chomufika m'maso. Sajeni anayenda kutsogolo kwawo wopanda nsapato. Anawongola kolala ya wina, nakankha mimba ya Kopolo ndi chala kuti ilowe. Sinalowe. Anaima pambali, nadzaza chifuwa. Lamulo limene ankati apereke anali asanaliperekepo pa mlatho uliwonse moyo wake wonse, ndipo mphunzitsi wake wakale akanalimva akanadzuka m'manda.

"Gulu, patsogolo, guba! Lefuti, laiti, lefuti."

Likhweru linakwera. Mapazi anagwa pamodzi, gu, gu, gu, mwamphamvu kuposa m'mawa, poti tsopano ankachita dala. Sajeni anaguba pambali pa woyamba, maso ali pa kapu. Matabwa ankamugunda kumapazi, amoyo, koma osamuponya. Anamva mlatho ukufuna kunyamuka, namva zingwe zinayi zija zikuukaniza. Anadutsa mitanda ya kutsidya, anadutsa pakati. Injiniya anadzipanikiza ku chingwe cham'mbali kuti madala adutse, maso ake osachoka pamadzi. M'kapumo madzi ankanjenjemera, timizere tozungulira tikuthamangira pakati n'kubwerera. Atafika pagombe Sajeni sanaime. Anawatembenuza, nawabweza, nawatembenuzanso. Ulendo wachitatu amayi pagombe anali atagwira nyimbo ija, mawu ake akungopeka, ndipo ogulitsa masamba analowa pambuyo pa madala, madengu ali pamutu, akuponda sitepe yomweyo.

Atatha onse kudutsa, injiniya ananyamula kapu, nayang'ana thabwa limene inakhalapo. Linali louma. Anamwa madziwo onse, nabweza kapu kwa mwini wake, napita ku boneti ya galimoto. Analemba nthawi yaitali, anthu atamuzinga. Kenako anawerenga mokweza: zikhomo zitatu zithiridwe konkire pasanathe masabata awiri, chingwe cha makaniko chilowedwe m'malo ndi chatsopano, iye adzabweranso kudzaona, ndipo kufikira tsikulo mlatho ndi wotsegula. Anasaina, nadinda. Pomupatsa Sajeni pepala lake anati ku khonsolo kuli milatho ina iwiri imene ikumusowetsa tulo, ndipo ngati msana wake ungalole, adzamutumizira galimoto kuti akagone kunsi kwake. Sajeni anati adzaona. Pepalalo analipinda kanayi n'kuliika m'thumba la pachifuwa, nalikhudzanso kawiri kuti atsimikize.

Galimoto itapita, anthu anayamba kuwoloka popanda chifukwa, kupita kutsidya n'kubwerera, ena kawirikawiri. Madala anakhala pa matumba a mchenga akukangana kuti anayamba kuguba m'mawa ndani, ndipo onse anagwirizana kuti ndi Lipenga. Lipenga anati iye anangoimba, miyendo inali yawo. Chipewa chachikasu chinali chikadali pamutu pake, injiniya atachiiwala kapena atachisiya dala.

Sajeni anatenga kansanza, nakanyowetsa mumtsinje, nakwera pa mlatho. Anagwada pa mitanda ija umodziumodzi n'kuifafaniza. Akufafaniza wachinayi, mkazi wake anafika ndi nsapato zake m'manja, naima pambali pake, akuyang'ana denga la chipatala kutsidya. Anati wawerenga mapazi: kuchokera pakhomo pawo kukafika apo ndi mphindi zisanu ndi ziwiri, ndipo mwina mankhwala a mwezi uno akatenge mawa lomwe, ngakhale akadali nawo a sabata yathunthu.

"Munagwetsa ingati ija?" anafunsa.

Anali asanamufunsepo funso limenelo pa zaka zonse za ukwati wawo. Sajeni anafinya kansanza, madzi oyera ndi choko nadontha pakati pa matabwa.

"Isanu ndi iwiri."

"Ndiye yatsala isanu ndi umodzi yoti mumange," anatero mkaziyo, akumuikira nsapato pafupi ndi mapazi. "Koma zingwe zake mukasunge kwa alamu anu. Valani, tikalowetse bedi."